Kapangidwe ka khofi wonyika m'madzi ozizira pakhomo

Dzuwa likamaswa mtengo mu Okutobala, ngakhale munthu wokonda khofi amachita nayo mphwayi kapu yotentha. Ambiri amangophika khofi monga mwa masiku onse, n'kumusiya kuti apole kapena kumuponyera ayezi, ndipo chimene amapeza ndi chakumwa chosukuluka, chowawa, cha fungo logonera. Khofi wonyika m'madzi ozizira, amene pa Chingerezi amati cold brew, sapangidwa choncho. Khofi wake saphikidwa pamoto ngakhale pang'ono. Mumanyika khofi wopera m'madzi ozizira madzulo, m'mawa mwake n'kusefa. Ntchito imene madzi otentha amaigwira m'mphindi zinayi, madzi ozizira amaigwira usiku wonse, ndipo khofi wotulukamo amakhala wofewa pakamwa, wopanda khambi, wokoma mokhala ngati chokoleti ngakhale musanathire shuga.

Makina safunika. Botolo, sefa ndi kansalu koyera zakwana. Koma popeza palibe moto, palibenso chobisa zolakwa zanu kapena kupha tizilombo ta m'madzi. Ndiye chisamaliro chonse chimapita pa kaperedwe ka khofi, pa madzi, ndi pa nthawi imene khofi akhale m'madzimo.

Khofi wake

Khofi wa m'chitini wosungunuka pompopompo uja sagwira ntchito pano. Iyeyo anaphikidwa kale kufakitale n'kuumitsidwa, ndipo wambiri wa m'masitolo mwathu ndi wosakaniza ndi chicory, muzu wokazinga wa chomera china. Mukamunyika usiku wonse, m'mawa mupeza chimodzimodzi chimene mukanapeza mutangotakasa ndi supuni. Pakufunika khofi weniweni wokazinga, wanjere kapena wopera.

Apa a ku Malawi ali ndi mwayi, chifukwa dzikoli limalima Arabica, mtundu umene umakoma kwambiri ukanyikidwa. Alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi, Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay amagulitsa khofi wawo kudzera ku bungwe lawo la Mzuzu Coffee, ndipo kum'mwera kuli minda ikuluikulu ngati Satemwa ku Thyolo. Ku Zambia khofi amalimidwa cha ku Kasama ndi ku Munali kufupi ndi Mazabuka. Palibe chifukwa chofunira wakunja wodula.

Pa paketi yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi kakazingidwe. Wolembedwa medium kapena medium-dark ndiye woyambira wabwino. Wokazinga pang'ono, wa light, amatuluka wowawasa ndi wopyapyala chifukwa madzi ozizira amavutika kumulowa. Wakuda bii, wonyezimira mafuta, amatulutsa fungo la utsi ndi phulusa. Chachiwiri ndi tsiku limene anakazingidwa, ngati lalembedwa. Khofi wa masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi ali bwino. Chosangalatsa n'chakuti njira imeneyi imalolera khofi wokhalitsako kuposa mmene madzi otentha amachitira, kotero paketi imene yatha miyezi iwiri m'kabati musaitaye, bola ngati sikununkha mafuta oonongeka.

Kupera, pamene ambiri amagwera

Khofi wa cold brew azikhala wamisere. Mukamutikita pakati pa zala azimveka ngati mchere wa mibulu wophwanya pang'ono, kapena misere ya chimanga imene imatsalira musefa. Akafika pokhala ngati ufa woyera kapena mgaiwa, mwapitirira.

Chifukwa chake n'chosavuta. Khofi wosalala amatulutsa zonse zimene ali nazo mofulumira, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo akakhala m'madzi maola 14 zowawa zija zimachuluka. Komanso tiufa take timatseka nsalu ndi pepala posefa, mwina n'kudutsa ndithu, ndipo pansi pa kapu pamadzaza nsenga.

Ngati muli ndi chopera khofi cha pamanja, cha mano aja otchedwa burr, chitsegulireni kumapeto kwa mbali ya coarse, kutanthauza wamisere, kapena pamene alemba French press, dzina la jagi ya khofi yokhala ndi chosefera chokanikiza. Chimenechi ndicho chida chabwino kwambiri chifukwa tizidutswa timatuluka tofanana. Blender kapena chopera cha mpeni wozungulira chimagwiranso, koma musachisiye chikulira. Dinani sekondi imodzi, siyani, gwedezani, dinaninso, mpaka njere zonse zitasweka. Chikalira mosalekeza, pansi pamakhala ufa pamene pamwamba pakadali njere zathunthu.

Mtondo nawo umatha ntchitoyi, ndipo pa khofi wamisere umachita bwino kuposa mmene anthu amaganizira. Kamtondo kakang'ono ndiko kabwino. Ikani njere zodzaza dzanja limodzi nthawi imodzi, muziphwanya mopsinja ndi kupotoza munsi osati kusinja mwamphamvu ngati mukukonola, apo ayi njere zizidumphira panja. Chenjezo lalikulu ndi fungo. Khofi amakoka fungo la chilichonse chimene wakhudzana nacho, ndiye mtondo wosinjira tsabola, adyo kapena nsinjiro upereka khofi wonunkha ndiwo. Ngati mulibe wina, kulungani njere m'nsalu yoyera yolimba n'kuziphwanya ndi botolo lolemera kapena mpini patebulo.

Mwapera ndi mtondo kapena blender, pali chinthu chimodzi chimene chimasintha zotsatira kwambiri koma ambiri amachidumpha: sefani khofiyo ndi sefa ya ufa. Zotsala pamwamba ndizo zonyika. Ufa wogwera pansi usungeni mophikira khofi wotentha m'mawa. Mphindi ziwiri zimenezi zimakupulumutsani ku theka la ola lolimbana ndi nsalu yotsekeka.

Nanga amene agula wopera kale? Wambiri wa m'mapaketi amakhala wa pakatikati, wopangira khofi wosefa ndi pepala, uja amati filter. Akhoza kugwira ntchito, koma chepetsani nthawi yonyika ifike maola 8 mpaka 10, ndipo pomaliza musefe ndi pepala. Wolembedwa espresso musamuyese n'komwe. Ngati mukugula pamalo pamene amapera pomwepo, auzeni kuti mukufuna wa French press.

Madzi

M'kapu ya khofi, pafupifupi zonse ndi madzi. Pophika khofi wotentha, moto umateteza womwa ngakhale madziwo anali okayikitsa. Pano chitetezo chimenecho palibe, ndipo khofi payekha sapha tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Amene anaona mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 ku Malawi sangaitenge mopepuka nkhani imeneyi. Choncho madzi onyikira akhale amene mungamwe osaopa kanthu, ndipo njira yotsimikizika ndi kuwawiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kuwavundikira, n'kuwasiya azizire kotheratu. Wiritsani masana kuti pofika madzulo akhale atapola. Musanyike akadali ofunda, chifukwa madzi ofunda amasintha kakomedwe ndiponso amafulumizitsa kusasa.

Kuwiritsa kumathandizanso pa fungo. Madzi a pampopi kapena othira WaterGuard amakhala ndi chlorine amene amamveka kwambiri m'khofi wozizira, ndipo akawira fungolo limachepa. Madzi a pamjigo amasiyana malo ndi malo. Ngati a kwanuko ndi amchere, kapena amasiya dzimbiri m'ndowa, khofi atuluka wozizira kukoma, wopanda moyo, ndipo kuwiritsa sikuchotsa mchere. Zikatero ndi bwino kugula madzi a m'botolo. Lita imodzi yonyikira ikupatsani khofi wokwanira makapu asanu ndi limodzi mukamusungunula, si ndalama yotayika.

Ayezi nayenso ndi madzi. Muumitseni kuchokera ku madzi omwewo owiritsa.

Muyezo

Pali njira ziwiri. Mukhoza kupanga khofi wokhathamira woti muzisungunula pomwa, kapena womweratu. Wokhathamira ndiye wanzeru: amatenga malo ochepa mufiriji, amasungika nthawi yaitali, ndipo aliyense m'nyumba amadzithirira madzi kapena mkaka monga akukondera.

Wokhathamira: magalamu 125 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti gawo limodzi la khofi pa magawo 8 a madzi, poyeza kulemera. Paketi ya magalamu 250 ikupatsani maulendo awiri, kapena ulendo umodzi wa malita awiri.

Womweratu: magalamu 65 pa lita imodzi.

Kasikelo ka kukhitchini n'kothandiza chifukwa khofi salemera mofanana. Wakuda kwambiri amapepuka kuposa wokazinga pang'ono. Popanda sikelo, kapu ya mamililita 250 yodzaza khofi wamisere imalemera magalamu pafupifupi 80 mpaka 90, ndiye magalamu 125 ndi kapu imodzi ndi theka. Supuni yaikulu yosasefukira imanyamula magalamu pafupifupi 5. Mukasankha kapu yoyezera, izikhala yomweyo nthawi zonse, kuti mukafuna kusintha mudziwe chimene mwasintha.

Dziwiranitu kuti lita yonse siibwerera. Khofi amamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kulemera kwake, kotero magalamu 125 asunga mamililita 250 kapena kuposerapo pang'ono. Muyembekezere kutsala ndi mamililita 700 mpaka 750. Mukawasungunula theka ndi theka, akupatsani pafupifupi lita imodzi ndi theka.

Kunyika

Pezani botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, la lita imodzi ndi theka kapena malita awiri, lokhala ndi chivundikiro. Lita imodzi yeniyeni siikwana chifukwa khofi amatenga malo ndiponso amafufuma. Jagi yachitsulo chosachita dzimbiri kapena yapulasitiki yosungira zakumwa ingagwirenso. Chigubu cha mafuta ophikira ayi, ngakhale mutachitsuka kangati. Botolo la mayonesi kapena la achali limasunga fungo m'chivundikiro, ndiye linunkhizeni kaye. Tsukani ndi sopo, tsukuluzani bwinobwino, kenako thirani madzi otentha ndi kukhuthula. Pagalasi, yambani ndi ofunda kuti lisasweke.

Thirani khofi yense m'botolo. Kenako thirani theka la madzi pang'onopang'ono mozungulira, n'kutakasa ndi supuni yaitali yoyera mpaka pasakhale pouma. Khofi wouma amakonda kuundana pansi ndi m'makona, ndipo chimbulu chimene sichinanyowe sichitulutsa kanthu. Thirani madzi otsalawo. Muona khofi atayandama pamwamba ngati chikhokho, mwina ndi thovu. Thovulo ndi mpweya umene unatsekeredwa m'njere pokazinga, ndipo limachuluka khofi akakhala watsopano. Dikirani mphindi 10, takasaninso kamodzi kuti chikhokho chija chimire, n'kuvundikira. Basi. Musamabwerenso kudzagwedeza usiku, chifukwa kugwedeza kumadzutsa tiufa timene tinali titakhazikika.

Lembani ola limene mwanyika pakapepala, mumate pabotolo. Zimaoneka zachibwana, koma m'mawa munthu sakumbukira ngati inali 6 koloko kapena 8 koloko.

Pali njira ina yochepetsa ntchito yosefa: ikani khofi m'kathumba ka nsalu yoyera yopyapyala, mangani kukamwa, n'kukamiza m'madzi ngati tiyi wa m'timatumba. Kathumbako kakhale kotakasuka, khofi asadzaze kupitirira theka, apo ayi madzi safika pakati ndipo khofi atuluka wosukuluka. Amene ali ndi French press angonyikira momwemo, osakanikiza chosefera mpaka m'mawa.

Maola angati, ndipo pati

Pamalo ozizira bwino m'nyumba, pamene kutentha kuli madigiri 20 mpaka 25, maola 12 mpaka 16 akwana. Kunyika 6 koloko madzulo n'kusefa 8 koloko m'mawa ndi maola 14, ndipo pamenepo ndi poyambira pabwino. Mufiriji madzi amagwira ntchito mochedwa, ndiye pamafunika maola 18 mpaka 24. Wa mufiriji amatuluka woyera kukoma ndiponso ndi wotetezeka kwambiri. Wa panja amatuluka wolemerako pakamwa.

Manambala ambiri amene amalembedwa pa nkhaniyi anayesedwa m'makhitchini a m'mayiko ozizira. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni akugwira ntchito mmene alili. Koma ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Karonga kapena ku Tete m'chilimwe, kumene m'nyumba mumatentha usiku wonse, kusiya botolo pashelefu maola 16 ndi kuitana kusasa. Kumeneko nyikani mufiriji. Ngati firiji palibe, kapena magetsi sakudalirika, tsekani botolo mwamphamvu n'kuliimika mumtsuko wadothi wa madzi ozizira, madzi a mumtsukowo asafike pachivundikiro, ndipo musefe pakatha maola 10 mpaka 12. Musanyikire khofi mumtsuko mwenimwenimo, chifukwa dothi limamwa mafuta a khofi ndipo fungo lake silidzachoka.

Anthu ena amaganiza kuti kusiya khofi masiku awiri kumamupatsa mphamvu yochuluka. Akatswiri awiri a ku Thomas Jefferson University ku America, Niny Rao ndi Megan Fuller, anapeza mu 2017 kuti caffeine, chinthu cha m'khofi chimene chimachotsa tulo, amakhala atatuluka kale pakatha maola 6 mpaka 7. Maola otsatirawo amangowonjezera kukoma ndi kulemera, ndipo kupitirira maola 24 chimene chimawonjezereka ndi khambi ndi fungo ngati la thabwa lonyowa. Mukafuna khofi wamphamvu, wonjezerani khofi, osati maola.

Kusefa

Sefani kawiri. Ulendo woyamba ndi wochotsa misere, wachiwiri ndi wochotsa nsenga.

Ikani sefa yawaya pamwamba pa jagi kapena mbale yakuya yoyera. Tengani botolo mosaligwedeza, thirani pang'onopang'ono, ndipo mukafika pa phala la pansi lija, lisiyeni likhe lokha kwa mphindi zingapo. Musalikanikize ndi supuni. Madzi amene mungafinyemo ndi ochepa, koma ndi amene ali ndi kuwawa kochuluka ndi tiufa tambiri.

Ulendo wachiwiri, yalani nsalu kapena pepala losefera khofi musefa yotsuka. Nsalu ikhale yoyera, ya thonje, yosapaka utoto, ndipo ikhale ya ntchito imeneyi yokha. Chitenje sichiyenera chifukwa cha utoto ndi sitachi. Nsalu yochapidwa ndi sopo wonunkhira imapatsira khofi fungo la sopo, ndiye muiwiritse m'madzi okhaokha musanaigwiritse ntchito koyamba. Kaya ndi nsalu kaya pepala, nyowetsani kaye ndi madzi oyera. Pepala louma limamwa khofi wanu ndipo limasiya fungo lake.

Pepala limatulutsa khofi wopanda nsenga, wopepuka pakamwa, chifukwa limagwira mafuta ndi tiufa tonse. Nsalu imalola mafuta pang'ono kudutsa, ndipo khofi amakhala wolemerako. Zonse ndi zabwino. Kwa wothira mkaka, nsalu ndiyo imakomera. Ndi pepala khalani oleza mtima, likhoza kutenga mphindi 15 kapena 20. Likatsekeka, musaliboole kapena kulitakasa, ingosinthani n'kuika lina. Pofuna kuti lisatsekeke msanga, mukatha kusefa koyamba siyani jagi ikhale phee kwa mphindi 20, nsenga zikhazikike pansi, kenako muthire mosamala n'kusiya tsinde lakudalo.

Kusefa kwachiwiriku si kongokongoletsa. Nsenga zikatsala m'botolo zimapitiriza kutulutsa kuwawa, kotero khofi amene anali wokoma Lolemba amafika Lachinayi ali ndi khambi.

Nsalu itsukeni nthawi yomweyo ndi madzi otentha, muiyanike padzuwa iume gwa. Ikasiyidwa yonyowa imachita chuku m'masiku awiri. Misere yotsala musaithire musinki, imatseka mapaipi. Itayeni padzenje la manyowa. Kuinyikanso kachiwiri n'kungotaya madzi.

Kusunga

Thirani khofi m'botolo loyera lotseka bwino, lembani tsiku, n'kuika mufiriji mkati, osati pachitseko pamene pamasinthasintha kuzizira. Botolo likhale lodzaza ndithu, chifukwa mpweya wotsala pamwamba ndi umene umapha fungo. Wokhathamira amakoma kwambiri m'masiku asanu oyamba ndipo mumumalize isanathe sabata. Wosungunula kale ndi madzi amwedwe m'masiku awiri kapena atatu. Mkaka ndi shuga musathire m'botolo losungira. Zimenezo ndi za m'kapu.

Khofiyu alibe asidi wokwanira kudziteteza yekha, ndipo sanaphikidwe, choncho muzimuona ngati chakudya chosachedwa kuonongeka. Magetsi akazima maola ochepa firiji ili yotseka, palibe vuto. Akazima tsiku lonse botolo n'kufunda, imwani tsiku lomwelo kapena tayani. Amene alibe firiji apange wa tsiku limodzi: magalamu 30, amene ndi masupuni aakulu 6, m'madzi okwana theka la lita, kusefa m'mawa n'kumwa lisanalowe dzuwa. Mukaona thovu lachilendo, botolo likuti psii potsegula, fungo lowawasa ngati thobwa logonera, kapena kachuku pamwamba, musalawe n'komwe.

Ngati mwapanga wambiri, thirani wina m'zoumitsira ayezi. Timibulu ta khofi timeneti timasungika masabata angapo, ndipo tikasungunuka m'kapu sitisukulutsa khofi monga amachitira ayezi wamadzi.

Pomwa

Yambani ndi theka khofi, theka madzi ozizira kapena mkaka: mamililita 125 a chilichonse pakapu imodzi. Mukathira ayezi wambiri, chepetsani madzi chifukwa ayeziyo asungunuka. Lawani, kenako sinthani. Ena amakonda gawo limodzi la khofi pa magawo awiri a madzi, makamaka masana.

Shuga sasungunuka bwino m'madzi ozizira, amangokhala pansi. Sungunulani kapu imodzi ya shuga m'kapu imodzi ya madzi otentha, apole, musunge m'kabotolo mufiriji, muzithira supuni imodzi kapena awiri. Shuga wabulauni amagwirizana kwambiri ndi khofiyu. Mukafuna jinja kapena sinamoni, muwiritse m'madzi a shugawa osati kunyika pamodzi ndi khofi, kuti wina wosakonda zonunkhira asamanidwe. Uchi nawo uyambe wasungunulidwa m'timadzi tofunda. Mkaka wa pakhola uwiritsidwe kaye n'kupola.

Kukazizira, khofi yemweyu amamwedwa wotentha: thirani madzi owira pa wokhathamira, theka ndi theka. Musamuike pamoto kuti abwate, amawawa.

Kufewa kwakeku kumanyenga. Chifukwa sawawa, munthu amamwa ngati madzi, koma caffeine ali momwemo. Arabica amakhala ndi caffeine pafupifupi 1.2 peresenti ya kulemera kwake, ndiye m'magalamu 125 muli mamiligalamu pafupifupi 1,500. Wambiri mwa ameneyu amalowa m'madzi, kotero kapu imodzi yosungunula theka ndi theka ikhoza kukhala ndi mamiligalamu oposa 150. Mabungwe oona za chakudya ku Ulaya ndi ku America amati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 patsiku, ndipo mayi woyembekezera amalangizidwa kusapitirira 200. Kwa munthu wamkulu wathanzi, makapu awiri patsiku akwana, ndipo wokhathamira asamwedwe osasungunula. Amene ali ndi BP kapena vuto la mtima afunse kuchipatala, ndipo ana musawapatse.

Mumvanso anthu akunena kuti cold brew alibe asidi, ndiye ndi mankhwala kwa odwala zilonda za m'mimba. Akatswiri awiri aja atayeza mu 2018 anapeza kuti pH (muyezo wa mphamvu ya asidi) ya khofi wonyika ndi ya wophika n'zofanana ndithu, pafupifupi 5, ngakhale kuti wophikayo amakhala ndi asidi wochulukirapo mukawerengera yense. Pakamwa amamveka wofewa, zoona, koma ngati khofi amakuvutitsani m'mimba, yambani ndi pang'ono muone.

Zikapanda kuyenda bwino

Khofi wosukuluka, wooneka ngati tiyi, kawirikawiri amabwera chifukwa cha kuchepa kwa khofi, makamaka kwa oyeza ndi maso. Ngati muyezo unali wolondola, onani misere ija: mukapezamo zibulu zouma, simunatakase mokwanira; mukapezamo njere zosweka pakati pokha, munapera mokulitsa. Mwinanso munanyika mufiriji koma n'kuwerenga maola a panja. Ngati simunataye misere, ibwezereni m'khofi wosukuluka yemweyo ndi kuwonjezera maola 4 mpaka 6.

Wowawa ndi wakhambi amachokera ku ufa wosalala, maola ochuluka, kufinya posefa, kapena khofi wokazinga mopsereza. Wa lero mupulumutseni ndi mkaka kapena madzi owonjezera. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri m'kapu kamachepetsanso kuwawa. Ulendo wotsatira sefani ufa musananyike ndipo chotsani maola awiri.

Kuwawasa kuli pawiri, ndipo m'pofunika kusiyanitsa. Kuwawasa ngati chipatso chosapsa, khofi atangosefedwa kumene, kumatanthauza kuti sanakhalitse m'madzi kapena ndi wokazinga pang'ono. Ameneyo ndi wabwinobwino, ingowonjezerani nthawi. Kuwawasa kokhala ndi fungo la mowa kapena thovu ndi kusasa, ndipo kumabwera ndi kutentha, botolo losatsuka bwino kapena nsalu yachuku. Ameneyo ndi wotaya.

Fungo la anyezi, nsomba kapena ndiwo za dzulo limalowa kudzera pachivundikiro chosatseka mufiriji. Fungo lachitsulo limachokera ku madzi a dzimbiri kapena kunyikira mupoto wa aluminiyamu. Timafuta toyandama pamwamba, makamaka mukasefa ndi nsalu, ndi ta khofi yemweyo ndipo tilibe vuto.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi paulendo umodzi. Mukasintha kaperedwe, muyezo ndi maola nthawi imodzi, khofi akakoma simudziwa chimene chathandiza. Yambani ndi maola, chifukwa ndi osavuta kuyesa: pabotolo limodzi lomwelo, tungani pang'ono pa maola 12, pa 14 ndi pa 16, sefani, sungunulani theka ndi theka, n'kulawa motsatizana. Ola limene lakukomerani lilembeni pa paketi ya khofiyo, ndipo mukagula wa mtundu wina muyesenso, chifukwa wa ku Misuku ndi wa ku Thyolo sangafune nthawi yofanana ngati anakazingidwa mosiyana.